Timabuku ta pa depoti tikuwononga ana athu

Kamuzu Banda sanakhale pulezidenti mu 1964. Ndayamba ndi chimenechi chifukwa ndatopa nacho. Chaka chilichonse ana a Sitandade 7 ndi 8 amalowa m'kalasi mwanga ataloweza kuti dziko lino linalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo tsiku lomwelo Kamuzu anakhala pulezidenti woyamba. Za ufuluzo ndi zoona, koma nthawiyo Kamuzu anali nduna yaikulu. Mutu wa dziko anali adakali Mfumukazi Elizabeth, ndipo kuno ankaiimira Sir Glyn Jones. Upulezidenti unabwera pa 6 July 1966, Malawi atasanduka lipabuliki. Tsiku ndi mwezi n'zofanana, n'chifukwa chake mwana amene anangoloweza, osauzidwa nkhani yake, amasakaniza zaka ziwirizi.

Ndikafunsa kuti mwazitenga kuti, yankho ndi lomwelo: kabuku ka mafunso ndi mayankho kamene makolo anagula pa depoti kapena mumsika. Timabukuti tilibe dzina la wolemba, tilibe chaka chimene tinasindikizidwa. Munthu amangokopera za mnzake, zolakwika ndi zonse, n'kuika chikuto chokongola. Masiku ano zomwezo zikuyendanso pa WhatsApp, makolo n'kumatumizirana mosangalala ngati apeza chuma.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero amandiwawitsa mtima. Anali wanzeru kwambiri, mwana woti ukamuuza chinthu kamodzi wagwira. Tinapita naye ku mpikisano wa mafunso wa sukulu za m'zoni mwathu, ndipo anamufunsa kuti mapulaneti ozungulira dzuwa alipo angati. Anayankha mosakayika kuti 9. Yankho lolondola ndi 8. Sukulu yathu inatulukira pomwepo. Pobwerera akulira anandionetsa kabuku kamene mayi ake anamugulira ndi ndalama za mandasi. "Aphunzitsi, koma m'buku mwalembedwa choncho." Sananame mwanayo. Kabukuko kanakopera mabuku akale, a nthawi imene Pluto ankawerengedwa kuti ndi pulaneti yachisanu n'chinayi. Mu 2006 akatswiri a zakuthambo atakumana ku Prague anamuchotsa pagululo. Chaka cha m'mbuyo mwake anali atatulukira Eris, chinthu china chakutali cholingana kukula ndi Pluto, ndiye anaona kuti akasiya Pluto pamenepo afunika kuonjezera zina zambirimbiri. Mwana amene wamva nkhani imeneyi sangaiwale 8. Koma iye anangopatsidwa nambala yopanda nkhani, nambala yake yakalenso. Chimene chimandipweteka si kugonjako ayi. Kuyambira pamenepo anasiya kukweza mkono m'kalasi, ndipo teremu yonse inatha ndikumunyengerera kuti ayambirenso kudzikhulupirira.

Zolakwika zotere ndi zambiri. Timabuku tina timanenabe kuti Malawi ali ndi maboma 24, pamene alipo 28 kuchokera pamene Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno anakhala maboma paokha. Tina timati John Chilembwe anaukira atsamunda pa 15 January, chifukwa ndi tsiku la tchuthi chake, chonsecho kuukirako kunayamba pa 23 January 1915. Ngakhale za mpira, zimene anyamata amadzitama nazo, amalakwitsa. Flames yapita ku Africa Cup of Nations katatu: 1984, 2010 ndi mpikisano wa 2021. Wachitatuwo unaseweredwa ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022, ndiye woloweza amasokonezeka akafunsidwa chaka.

Makolo anzanga, vuto lanu lalikulu ndi kuchedwa. Mumakumbukira za mwana mayeso a Sitandade 8 atatsala milungu yochepa, ndiye mumathamangira aliyense wolonjeza njira yachidule. Apa ndi pamene akamberembere amakudyerani. Wina akugulitsani kabuku, wina akuti ali ndi likasa, wina watsegula patayimu pakhonde pomwe iye mwini silabasi sanaionepo. Likasalo nthawi zambiri limakhala labodza, ndipo mwana akapezeka nalo m'chipinda cha mayeso, amene amavutika ndi mwanayo, wogulitsa atadya kale ndalama zanu. Komanso kuchotsa bodza m'mutu mwa mwana n'kovuta kuposa kumuphunzitsa chinthu chatsopano. Chimene waloweza ali Sitandade 5 sindingachizule m'mwezi umodzi.

Musanagule buku lililonse, tsegulani tsamba loyamba muone wolemba, wosindikiza ndi chaka. Zikasowa, libwezeni pomwepo. Mabuku a ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi amene amatsatira silabasi, ndipo ngati kwanuko kuli nthambi ya National Library Service, mupite naye mwanayo akazolowere kuwerenga. Ngati kabuku ka pa depoti kali kale m'nyumba mwanu, mumupatse mwana abwere nako kusukulu sabata ino, tikaone limodzi tsamba ndi tsamba.