Mkamwini wa ku Matsue: mbiri ya Lafcadio Hearn ndi mtima wake wogawanika pa dziko la Japan

Alendo ambiri okhala ku Japan amayamikira ulemu, ukhondo ndi bata la kumeneko, koma amadandaulanso kuti ngakhale atakhalako zaka zambiri, eni dziko amawaonabe ngati anthu odutsa. Dandaulo limeneli silinayambe lero, ndipo limaonekera bwino pa moyo wa Lafcadio Hearn, mphunzitsi ndi mlembi amene nyumba yake ikusungidwabe mumzinda wa Matsue.

Kwa zaka zoposa 200 dziko la Japan linali lotseka kwa azungu, kupatula amalonda achidatchi amene kuyambira mu 1641 ankakhala pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Zombo zankhondo za ku America zitafika mu 1853 zinthu zinasintha, ndipo boma latsopano la Meiji, lomwe linayamba mu 1868, linalemba ntchito akatswiri ochokera kunja kuti aphunzitse za njanji, zamankhwala, malamulo ndi Chingerezi. Ankawalipira bwino kwambiri, koma cholinga sichinali chobisika: mlendo aphunzitse ana a m'dzikomo, ndipo akadziwa ntchito, iye azibwerera kwawo.

Hearn anafika ku Yokohama mu 1890, nthawi imene dongosolo limeneli linkapita kumapeto, ndipo anali munthu wopanda kwawo kwenikweni. Anabadwa mu 1850 pa chilumba cha Lefkada ku Greece, mayi ake anali Mgiriki, bambo ake a ku Ireland, ndipo makolo onsewo anamusiya ali wamng'ono m'manja mwa wachibale ku Dublin. Diso lake lakumanzere linafa ali mnyamata pasukulu. Anagwirapo ntchito ya utolankhani ku Cincinnati ndi ku New Orleans, nakhalakonso ku Martinique. Mothandizidwa ndi Basil Hall Chamberlain, Mngelezi wodziwa bwino Chijapanizi, anapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi ku Matsue, kutali ndi madoko amene azungu anadzazamo.

Kumeneko ndiko mtima wake unagwa pansi koyamba. Analemba mwachikondi za m'mawa wa mumzindawo: kugunda kwa musi wa opuntha mpunga kusanache, belu la kukachisi, anthu oima m'mbali mwa mtsinje akuomba m'manja molonjera dzuwa, ndi phokoso la nsapato zamatabwa za owoloka pamlatho. Anakwatira Koizumi Setsu, mwana wa banja la asamurai (ankhondo a mafumu akale a ku Japan) lomwe linasauka chifukwa cha kusintha kwa boma. Komabe ku Matsue anangokhalako chaka chimodzi ndi miyezi yochepa, pakuti chisanu cha kumeneko chinamukulira, ndipo kumapeto kwa 1891 anasamukira ku Kumamoto.

Apa ndi pamene mtima unayamba kugawanika. Ku Kumamoto anapeza Japan wina, wa asilikali, maofesi ndi sukulu zazikulu, ndipo m'makalata opita kwa anzake ankadandaula za kusungulumwa ndi za akuluakulu amene ankamulemekeza pamaso koma osamuyandikira. Mabuku ake ankatamanda dzikolo pamene makalata ake ankalira. Ena amati zimenezi zinali chinyengo, koma ine sindikuona choncho, chifukwa zonse ziwiri zinali zoona kwa iye: ankakonda alimi, asodzi ndi nkhalamba zosunga miyambo, pamene amene ankamulipira anali anthu ofuna kuti dziko lisiye msanga zinthu zomwe iyeyo ankazikonda.

Mu 1896 anachita chinthu chimene azungu ochepa kwambiri ankachita. Pofuna kuteteza mkazi wake ndi ana pa nkhani ya chuma chamasiye, anasiya unzika wa Britain, nalembedwa m'kaundula wa banja la Setsu, natenga dzina loti Koizumi Yakumo. Analowa m'mudzi monga mkamwini, amene amamanga nyumba, kulima ndi kubereka ana pakhomopo, koma pa nkhani zina za mbumba mawu ake salemera. Ankasamalanso makolo ndi achibale a mkazi wakeyo. Chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa mabuku a Chingerezi pa yunivesite yaikulu ya boma ku Tokyo, mzinda umene sanaukonde konse. Mu 1903 yunivesiteyo sinamuwonjezere mgwirizano wa ntchito, ngakhale ophunzira anachita zotsutsa, ndipo malo ake anatenga Mjapanizi Natsume Soseki, amene anali atangobwera kuchokera ku maphunziro ku London. Dongosolo lija linagwira ntchito monga linakonzedwera, ndipo unzika wake watsopano sunamuteteze. Zimenezi zinamupweteka kwambiri.

Tiyeneranso kunena chilungamo kuti mpanda wina anaumanga yekha. Anali wosachedwa kukwiya ndi kukayikira anzake, ndipo m'zaka 14 zimene anakhala m'dzikomo sanafike powerenga kapena kulankhula bwino Chijapanizi. Ndi Setsu ankamvana m'chilankhulo chawochawo chosavuta, ndipo nthano za mizukwa zimene zinamutchukitsa, mayiyo ndiye ankazifufuza ndi kumusimbira usiku, iye n'kumazilemba m'Chingerezi. Khomo limene analowera m'chikhalidwe cha Japan linali mkazi wake, ndipo mayi ameneyu ayenera kutchulidwa nthawi zonse pamene ntchito ya Hearn ikuyamikiridwa.

Anamwalira ndi matenda a mtima pa 26 Seputembala 1904, ali ndi zaka 54, atangophunzitsa miyezi yochepa pa yunivesite ya Waseda, ndipo anaikidwa m'manda a Zoshigaya ku Tokyo mwa mwambo wachibuda. Mkangano pa iye sunathere pomwepo. Chamberlain, mnzake wakale uja, anachoka ku Japan mu 1911 kukakhala ku Geneva, ndipo atakalamba analemba kuti Hearn ankaona Japan wa m'maloto ake. Ajapanizi ambiri sanavomereze chiweruzo chimenecho: nthano zake anazimasulira m'chilankhulo chawo ndipo ana amaziwerenga mpaka lero, pamene akatswiri ena akufunsabe ngati chikondi chake pa zakale sichinamuphimbe maso kuti asaone zimene Ajapanizi a m'nthawi yake ankafuna pa dziko lawo.