Mwendo ukamawawa poyenda n'kuleka mukaima

Anthu ambiri achikulire akamva kupweteka m'miyendo amangoti ndi nyamakazi. Koma pali ululu wina wofunika kuusiyanitsa msanga. Munthu akamakwera chitunda ku Ndirande kapena ku Chilomoni, katumba amayamba kukokana ndi kuwawa, akaima kwa mphindi zochepa ululuwo umatha, ndipo akayambiranso kuyenda umabwerera atayenda mtunda ngati womwe uja. Kawirikawiri zimenezi zimasonyeza kuti mitsempha yopititsa magazi kumiyendo yachepa njira chifukwa cha mafuta omwe aundana m'kati mwake, moti minofu ikamagwira ntchito silandira magazi okwanira.

Chimene chimawononga kwambiri mitsempha imeneyi ndi fodya, kenako matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi. Kuyeza kwake n'kosavuta. Dokotala amagwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kuti amve kugunda kwa magazi, ndipo pomwe pali zida amayerekeza BP ya pakakolo ndi ya pamkono. Akagawa ya pakakolo ndi ya pamkono n'kupeza 0.9 kapena kucheperapo, ndiye kuti vutoli lilipo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chithandizo cha kunyumba. Phazi losowa magazi limazizira, choncho mwini wake amaliyandikiza kumbaula kapena kulithowa ndi madzi otentha, pamene ena amatemera mphini pamalo owawawo. Pa mwendo wotere, kachilonda kakang'ono kamatha miyezi osapola, makamaka kwa wodwala shuga amene samva n'komwe kuti akupsa. Chala chikayamba kuda, kapena ululu ukamakudzutsani usiku mpaka kulendewetsa phazi kunja kwa bedi kuti mupezeko bwino, musadikire. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, popeza odwala ena amafika ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre mwendo utafika kale podulidwa.

Matendawa akapezeka msanga, kuyenda ndi kusiya fodya kumathandiza kwambiri. Yendani mpaka ululu uyambe, pumani, kenako pitirizani, kwa mphindi zosachepera 30, katatu pa sabata, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Dokotala angakupatseninso aspirin ndi mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, chifukwa mafuta omwe atseka mitsempha yam'miyendo amakhala akutsekanso ya kumtima ndi ku ubongo, ndipo kutsekeka kwa mitsempha ya ku ubongo kumayambitsa sitiroko.