Mwana wabwera ndi kalata ya DofE, tivomere?

Makolo amene tili kuno ku UK kalata iyi imatipeza mwana akafika Year 9 (kalasi ya ana a zaka 13 mpaka 14), ambiri timangoyiika pa tebulo poganiza kuti ndi zowonongetsa ndalama basi.

DofE yo ndi chani kodi?

Ndi Duke of Edinburgh's Award, pulogalamu ya achinyamata imene anaiyambitsa Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, mu 1956 pamodzi ndi Kurt Hahn yemwe anali mkulu wa sukulu yake ku Gordonstoun. Ndi ya achinyamata a zaka 14 mpaka 24 ndipo ili patatu, Bronze, Silver ndi Gold. Mwana amasankha ntchito yongodzipereka, masewera, luso loti aphunzire, kenako ulendo wa kutchire uja umene umatisowetsa tulo.

Akagona kutchire okha zoona?

Eya, ndipo mfundo yake yagona pomwepo. Bronze ndi masiku awiri kugona kamodzi, Silver masiku atatu, Gold anayi. Amayenda gulu la anthu 4 mpaka 7, chikwama kumsana, tenti, kasitovu kophikira, mapu ndi kampasi m'manja, foni nthawi zambiri imakhala yotsekera m'kathumba kudikira ngozi. Akuluakulu alipo koma amawalondola patali n'kumakumana nawo m'malo opangana. Ndiye akasochera, mvula ikugwa nsapato zanyowa wina akulira wina wagwira mapu chadodolido, amakangana okha mpaka njira aipeza, ndipo mwana amene mkalasi sayankhula n'komwe nthawi zina ndi amene amati anzanga tabwerani, njira ndi iyi. Kudzidalira kumene anthu amati DofE imaphunzitsa kumachokera pamenepo.

Nanga ife ndalama zikuvuta?

Yolembetsa si yambiri, chimene chimaluma ndi ulendowo ndi zida. Musathamangire kogula, pitani kaye kwa aphunzitsi oyang'anira DofE mukanene chilungamo chake. Masukulu ambiri amabwereketsa matenti ndi zikwama ndipo ena amachotserako ana amene amalandira chakudya chaulere kusukulu. Manyazi apa sathandiza. Nsapato zokha ndi zimene ndingati yesetsani, ayambe kuzivala masabata angapo ulendo usanafike kuopa matuza.

Wanga sakhoza mkalasi, amulola?

Palibe mayeso, palibe mpikisano. Ngakhale achinyamata a m'ndende amapanga nawo, ndipo woyenda pa njinga ya olumala amamukonzera njira yake.

Zimatha liti?

Bronze imatenga miyezi 6 kapena kuposa. Zonse zithe asanakwanitse zaka 25.