Chozizwitsa si chodabwitsa wamba

Ana asukulu akamalemba chimangirizo amasinthanitsa mawu akuti "chodabwitsa" ndi "chozizwitsa" ngati ndi amodzi. Ine monga mphunzitsi wa Chichewa ndimadula mzere pansi pake, chifukwa mawu awiriwa salemera mofanana.

Kapangidwe kake nkosavuta. Mneni ndi kuzizwa. Tikaika kamphatikiram'kati -its- timapeza kuzizwitsa, kutanthauza kuchititsa wina kuzizwa. "Cha kuzizwitsa" nkufupika kukhala "chozizwitsa", monga momwe "cha kuvala" amakhalira "chovala". Kudabwa nakonso kumayenda njira yomweyo mpaka kufika pa chodabwitsa.

Kusiyana kuli pa zomwe zimachitika mumtima mwa woonayo. Munthu amadabwa akakumana ndi chomwe sanachiyembekezere: mtengo wa shuga wakwera usiku umodzi, mlendo wafika osatumiza uthenga, mwana wamanyazi wayankha molimba mtima pabwalo. Wina akakufotokozera chifukwa chake, kudabwako kumathera pomwepo. Kuzizwa sikutha msanga choncho. Wozizwa amagwira pakamwa, amangoti kakasi, nzeru zonse zamuthera, ndipo ngakhale umufotokozere mwatsatanetsatane amapukusabe mutu. Chinthucho chadumpha malire a zonse zomwe wakhala akuziona chibadwire.

Taganizani za kadamsana wa pa 21 June 2001, pamene dzuwa linabisika lonse masana ku Lusaka, kuno kwathu ku Malawi nkuchita kachisisira. Akatswiri anali atalengeza tsiku ndi ola, ndipo mwana wa sitandade 7 akanatha kujambula mwezi utaima pakati pa dzuwa ndi dziko. Panalibe chodzidzimutsa. Komabe amene anaona mdima ukugwa masanasana, kuzizira kukubwera, nkhuku zikulowera kukhola, anazizwa ndithu. Kudziwa chifukwa sikunachepetse kanthu.

Mawuwa anakhwimira kwambiri m'tchalitchi. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 ntchito yomasulira itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, limanena kawirikawiri za "zizindikiro ndi zozizwa". Onani kuti apa palibe -its-. Zozizwa ndi kanenedwe kakale, ndipo lero mudzakamva makamaka paguwa ndi m'nyimbo zamapemphero. Kuchokera m'menemo, chozizwitsa chinatenga fungo la dzanja la Mulungu: wodwala amene madokotala anamutaya wadzuka, mayi amene anakhala zaka zambiri osaona mwana wabereka. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023, matope nkukwirira nyumba ku Chilobwe, aliyense wotulutsidwa wamoyo m'matopemo anthu ankamunena kuti wapulumuka mozizwitsa. Koma za matope enieniwo palibe amene akananena kuti ndi chozizwitsa. Zinali zoopsa, ndipo akuluakulu ena anakumbuka dzina la Napolo, lija linatchulidwa madzi atasesa Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991.

Apa mpamene pali phunziro lomwe ambiri amaliphonya. Chichewa chimasiyanitsa zopitirira nzeru za munthu poona komwe zikuloza. Zikaloza ku moyo ndi chisomo, ndi zozizwitsa. Zikaloza ku tsoka, ndi malodza: kadzidzi walira padenga usiku, nkhuku yathadzi yalira ngati tambala, agogo nkuyamba kufunsa ngati kumudzi kuli bwino. Zikakhala kuti wazichita ndi munthu mwa njira zake zobisika, timati matsenga. Ndiye mtolankhani akalemba kuti "ngozi yozizwitsa yapha anthu pamsewu wa M1", khutu la Mchewa limakana. Ngoziyo ndi yoopsa, yomvetsa chisoni, mwina yodabwitsa ngati msewu unali wowongoka. Kuitcha yozizwitsa kuli ngati kuimba nthungululu pamaliro.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi amalonda. Pamitengo ya magetsi m'tauni pamamatidwa timapepala ta "mankhwala ozizwitsa" ochiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kubweza mkazi wothawa, zonse m'botolo limodzi. Pa WhatsApp pakuyenda mauthenga a "ndalama zozizwitsa". Amasankha mawuwa mwadala. Akudziwa kuti munthu akamva "chozizwitsa" amaleka kufunsa, poti chozizwitsa sachifunsa kuti chatheka bwanji. Akanalemba kuti "mankhwala odabwitsa", wogula akanafunsa kuti muli chiyani m'botolomo, ndipo anawayesa ndani. Pali odwala amene amasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha liwu limodzi lomweli, nkubwererako matenda atakula.

Choncho polemba kapena polankhula, yambani mwadzifunsa ngati kufotokozera kungathetse chidwi chanucho. Ngati kungathetse, nenani kuti chodabwitsa, kapena chachilendo ngati mwangochiona koyamba. Timu yanu ikagoletsa chigoli mphindi yomaliza, chodabwitsa chikukwanira. Ndipo wina akakutsatsani botolo nkunena kuti ndi lozizwitsa, mufunseni mafunso onse omwe mukanafunsa akanati ndi lodabwitsa.