Kodi ndi pasipoti yanu imene imakumanitsani viza?

Anthu ambiri akamanidwa viza yokacheza kunja amangoti vuto ndi dziko lawo basi. N'zoona kuti dziko limakhudzapo: ndi lomwe limasonyeza ngati mukufunika viza, ndipo nthawi zina boma limaikira nzika za mayiko ena malamulo okhwima. Komabe nthawi zambiri chimamanitsa munthu ndi zimene zili m'pempho lake lomwelo.

Ku America, gawo 214(b) la lamulo la zolowa m'dzikolo limatenga aliyense wopempha viza yokacheza ngati akufuna kukakhazikika, mpaka atasonyeza kuti adzabwerera kwawo. N'chifukwa chake ofesala woona za maviza amaunika ntchito yanu, banja, maulendo anu akale ndi kumene ndalama zikuchokera. Ndalama zambiri zolowa mu akaunti mwadzidzidzi popanda umboni zimakayikitsa kwambiri, pasipoti ikhale ya kulikonse.