Bondo likamapweteka pa yoga, si kuti thupi likufewa

Anthu ambiri amakhulupirira kuti pochita yoga (masewero otambasula thupi ndi kupuma mwadongosolo), ululu ndi chizindikiro choti minyewa ikumasuka. Bodza limeneli lavulaza maondo ambiri, makamaka pa kakhalidwe kotchedwa Padmasana, kochokera ku India, komwe phazi lililonse limakhala pamwamba pa ntchafu ya mwendo winawo. M'chinenero cha Sanskrit, padma ndi duwa la m'madzi lofanana ndi kakombo.

Bondo limapindika kutsogolo ndi kumbuyo ngati chitseko. Mfundo ya mafupa yomwe imazungulira ndi ya m'chiuno. Chiuno chikakhala cholimba, inu n'kukoka phazi ndi manja mokakamiza, mphamvu yonseyo imathera pa bondo, ndipo kamnofu kofewa ka m'kati mwake kangathe kung'ambika. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akulumira mano, thukuta lili kamukamu, akuti akupumula!

Ngakhale Patanjali, mphunzitsi wakale wa yoga, anati kakhalidwe kazikhala kokhazikika ndi komasuka. Yambani ndi kakhalidwe kosavuta kotchedwa Sukhasana: pindani bulangete, khalani pamphepete pake kuti chiuno chikwere pamwamba pa maondo, mupingase miyendo mwachizolowezi, msana uli chilili, mukupuma pang'onopang'ono. Kumva kukoka m'ntchafu n'kwabwino. Kubaya m'bondo ayi, tambasulani mwendo nthawi yomweyo.