Mtima ukamathamanga koma kuchipatala osapeza matenda

Pali odwala ena amene amatipeza kabuku kawo ka kuchipatala katadzaza mpaka kuchikuto. Awayeza malungo kangapo, alibe. BP ili bwino, shuga ali bwino, magazi ndi okwanira. Ena mpaka anakajambulitsa mtima kuchipatala chachikulu, kumenekonso anawauza kuti palibe vuto. Koma eni ake amadziwa zimene amamva. Mwadzidzidzi mtima umagunda ngati uphulika, mpweya umabanika, thukuta lili kamukamu, zala zachita dzanzi, ndipo m'mutu mumangobwera ganizo limodzi loti "ndikufa". Pakapita kanthawi zonse zimazilala, munthu n'kutsala ali lefuu. Kunyumba abale amakhala atayamba kale kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu.

Munthu wotereyu sakunama, ndipo si wamisala. Chikumuvuta ndi mantha amene amabwera mwamphamvu popanda choopsa chooneka.

M'kati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza thupi pakakhala zoopsa. Kakangokayikira chinthu, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umafulumira kuti magazi afike msanga m'miyendo ndi m'manja, kupuma kumachuluka. Katswiri wina, Walter Cannon wa ku yunivesite ya Harvard ku America, anafotokoza zimenezi cha m'ma 1915, kuti thupi limakhala likukonzekera kumenya nkhondo kapena kuthawa. Mukakumana ndi njoka m'munda, zimenezi ndi zimene zimakupulumutsani. Vuto ndi loti kachigawoka sikadikira umboni. Kusowa tulo, njala, khofi wambiri, zakumwa zopatsa mphamvu zimene achinyamata akonda masiku anozi, chamba, matsire, ngakhale nkhawa ya ngongole ya kubanki mkhonde, zonsezi zingathe kukadzutsa.

Komatu mtima umathamanga kwa aliyense. Nanga bwanji ena zimawathera pomwepo, ena n'kukhala matenda? Apa ndi pamene maganizo amalowerera. M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa ku Philadelphia, Aaron Beck, anaona kuti pakati pa chochitika ndi mmene munthu akumvera mumtima pamadutsa kaganizo kothamanga kwambiri, koti mwini wake sakazindikira n'komwe. Mu 1986 David Clark wa ku yunivesite ya Oxford ku England anaonetsa mmene zimenezi zimayendera pa mantha adzidzidziwa. Wina mtima ukagunda amati "ndakwera chitunda, ndatopa". Wina amati "ndi mmene anayambira malume asanamwalire". Ganizo lachiwirili ndi loopsa, ndiye ubongo umawonjezera adrenaline, mtima n'kuthamangiratu, munthu n'kunena kuti "mwaonatu, ndimanena". Akamapuma mofulumira amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri, ndipo n'chimene chimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Iye amaona ngati ndi sitiroko. Zimangozungulira choncho, ganizo kudyetsa thupi, thupi kudyetsa ganizo.

Koma chimene chimawononga moyo wa munthu kwenikweni si mphindi zoopsazo ayi. Ndi zimene amayamba kuchita pofuna kuti zisadzamuchitikirenso.

Taganizirani bambo amene zinamugwira koyamba ali m'minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Blantyre, atapanikizika kumpando wakumbuyo. Anakuwa kuti atsike pa Chichiri, atangoponda pansi anamva bwino. Ubongo wake unaphunzira kuti kutsikako ndi kumene kwamupulumutsa, pamene zoona zake manthawo akanatha okha ngakhale akanakhalabe pampandopo. Mawa lake akukana kukwera ngati mpando wapakhomo uli ndi munthu. Botolo la madzi silichoka m'manja, chala chili pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima. Kenako minibasi wasiya. Kutchalitchi akukhala benchi yakumapeto pafupi ndi chitseko, kwaya wasiya, pamaliro akungopereka chipepeso n'kubwerera. Kuntchito atamuuza za maphunziro ku Lilongwe ananamizira kuti mwana akudwala. Nthawi iliyonse akathawa mtima umakhala m'malo, ndipo mpumulo umenewo ndiye msampha, chifukwa umamumana mpata woona kuti chimene amaopacho sichichitika.

Abale nawonso, chifukwa cha chikondi, amakulitsa vutoli. "Atate musapite, ndipita ndine." "Amayi khalani, kumsika tikuguliraniko." Ine ndimaona kuti chisoni chotere chimapundula munthu kuposa matenda enieniwo.

Chithandizo chake chimayenda mbali ziwiri. Choyamba ndi kuligwira ganizo lija n'kulifunsa mafunso ngati mboni pabwalo la mfumu. Zakugwirani kangati? Mwa maulendo onsewo, munakomoka kangati? Ambiri amayankha kuti sanakomokepo, ndipo n'zomveka, chifukwa munthu amakomoka BP ikatsika, pamene mantha otere amaikweza pang'ono. Kungouza munthu kuti "limbani mtima" kapena "musamaganize kwambiri" sikuthandiza. Akanatha akanasiya kalekale.

Chachiwiri, chimene odwala sachikonda, ndi kubwerera pang'onopang'ono kumene ankathawa kuja. Njirayi anaikhazikitsa bwino ndi Joseph Wolpe wa ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Bambo uja timagwirizana naye kuti ayambe ndi kukwera siteji imodzi yokha ali pampando wapakhomo. Akazolowera, siteji ziwiri. Kenako mpando wapakati, kenako wakumbuyo, botolo lija atalisiya kunyumba. Chofunika n'choti asatsike mantha ali pachimake, adikire mpaka ayambe kutsika okha, uku akupuma modekha, kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa kukoka. Nthawi zambiri amafika pachimake m'mphindi 10 zokha. Ubongo suphunzira ndi malangizo a dokotala, umaphunzira ndi zimene waona wokha, mobwerezabwereza.

Musadziyeze nokha kunyumba. Kuchepa kwa magazi, chithokomiro, mphumu ndi matenda enieni a mtima zimatha kuoneka chimodzimodzi, choncho yambani mwayezetsa. Ngati ululu wa pachifuwa ukubwera mukamagwira ntchito yolemetsa, ukufalikira kumkono kapena kunsagwada, kapena munakomokapo ndithu, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Koma akakuyezani n'kupeza kuti zonse zili bwino, funsani kuti muonane ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. M'zipatala za maboma amapezeka, komanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mankhwala othandiza alipo kwa amene akufunikira, koma chenjerani ndi mapiritsi a diazepam ogula mwamseri komanso mowa. Zimaziziritsa mtima madzulo amodzi, thupi n'kuzolowera, ndipo mukadzafuna kusiya manthawo amabwerera ochuluka kuposa poyamba.